Zitsulo za a Ron ndi Masiki Imodzi

Thoko ndi Pemphero, ana anga, chigawo chino ndalemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti muwerenga pang'onopang'ono, mawu ena mukufunsa mayi anu, koma zimene ndikufuna kunena sizituluka bwino m'Chingerezi changa. Munakula mukumva nyundo ikulira m'shedi kuseri kwa nyumba yathu ku Evington, ndipo anzanu akabwera munkachita manyazi kuti bambo anu amapanga zovala zachitsulo za asilikali amakedzana. Simunandifunsepo kuti zinayamba bwanji.

Limbe, 1978 mpaka 2002

Ntchito yanga yoyamba inali pagalaja ina ku Limbe, yowongola mabasi ndi malole ochita ngozi. Foromani wathu anali mkulu wa ku Mulanje, wogontha khutu limodzi, amene sankayamikira munthu. Ukamaliza kuwongola chitseko ankatsinzina, n'kuyendetsa chikhatho pachitsulo, akapeza kabampu amangokuponyera nyundo pamapazi n'kuchokapo. Zaka zina zipangizo zinkasowa m'dziko lonse, moti tinkadula madenga a mabasi akufa ndi migolo ya mafuta kuti tipangire mbali za mabasi amoyo. Ndinakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi zinayi, zisanu ndi ziwiri zomaliza ndili foromani ineyo. Mayi anu atapeza ntchito ya unamwino ku England anatsogola, ine ndi iwe Thoko tinatsatira chaka chinacho.

Leicester, 2003

Tinafikira m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Belgrave. Mwezi wathunthu ndinayenda m'magalaja ndi makalata anga m'chikwama cha pulasitiki. Mwini galaja wina anawawerenga mwaulemu ndithu, kenako anati, "Bambo, kuno sitiwongola. Chitseko chikaphwanyika timachotsa, n'kuikapo china." Ndinatuluka ndikudziwa kuti manja anga alibenso ntchito m'dziko muno.

Mnzathu wina wa kutchalitchi anandilembetsa ku kampani yotumiza anthu m'nyumba zosamalira okalamba. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndisanasambitsepo ngakhale bambo anga ondibereka, koma tsiku loyamba anandipatsa magolovesi ndi beseni, n'kundilozera chitseko. Zaka zitatu ankandiponya uku ndi uku: sabata ino Coalville, yamawa Hinckley, kenako Melton, mabasi awiri kupita, awiri kubwera. Agogo ena ankakana kuti munthu wakuda awagwire. Ena ankandigwira dzanja osafuna kusiya, akundiitana dzina la mwana wawo. Kwa achibale kumudzi ndinkangoti ndimagwira ntchito ya zaumoyo.

Pafupi ndi Loughborough, 2006

Chaka chimenechi ndinalembedwa ntchito yokhazikika panyumba ina ya okalamba kunja kwa tauni ya Loughborough, ndipo ndi kumene ndinapumira. Kumeneko kunali mkulu wina dzina lake Ron. Anzanga ankangomutchula choncho, koma ine pakamwa panga sipankalola, ndinkati a Ron. Sitiroko inawapha mbali yakumanja, mawu ankatuluka movutikira, ndipo anali aukali, oponya makapu. Pamwamba pa kabati yawo panali golovesi yachitsulo, ya timapale tambirimbiri tolumikizana, toti chala chilichonse chimapinda. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinaitenga.

"Ika pansi," anakalipa. "Si choseweretsa."

"Ndaona," ndinatero. "Koma wopanga ake nyundo yake inali ndi chipsera. Chikuoneka paliponse pamene anamenya, makamaka pachala chachikuluchi."

Anandiyang'ana. "Wopanga ake ndine," anatero. "Nyundo ija ndinaigwetsa pasimenti. Palibe anaonapo chiyambire. Iwe unali ndani usanayambe kupukuta anthu?"

Palibe anali atandifunsapo funso limenelo chifikireni ku England. Ndinakhala pampando wa alendo n'kuwauza za Limbe. Nawo anandiuza kuti anali makaniko wa makina oluka masokosi mufakitale ina ya mu Leicester, ndipo fakitale itatsekedwa anayamba kupanga zovala zankhondo za zaka mazana asanu zapitazo, zimene anthu ena kuno amavala pochita masewero a nkhondo zakale m'minda. Patapita milungu iwiri mwana wawo wamkazi anandibweretsera kiyi wa galaja yawo. Anati, "Bambo akuti mukatenge zonse. Ine ndimafuna kuitana ogula zitsulo zakutha."

M'galajamo munalibe chida chamtengo wapatali ngakhale chimodzi. Chosulirapo chinali chidutswa cha njanji. Panali chitsa chachikulu cha mtengo wolimba chokumbidwa maenje atatu osiyana kukula, thako la silinda ya gasi lodulidwa n'kutembenuzidwa ngati mbale, ndi timipira tachitsulo tokokera makalavani towotcherera pamipini. Panali nyundo khumi ndi imodzi, zina zopalidwa kumaso mpaka kuwala ngati galasi, sizasi yaikulu yodulira malata, matupa, zibowolero, mabotolo a mariveti, chikopa cha ng'ombe chopindidwa, ndi mulu wa makatoni a zakudya zam'mawa odulidwadulidwa, olembedwa manambala. Amenewo ndiwo anali mapatani awo. Mayi anu ataona vani ikutsitsa zonsezi anangoti, "Bambo a Thoko, tasamukira ku Evington kuti tipume phokoso, inu mwabwera nalo."

Ntchitoyo ndinaiphunzira chammbuyo. Ku Limbe ndinkabweza chitsulo chopindika kuti chikhale chosalala. Apa ndinayenera kutenga chosalala n'kuchipinda kuti chikhale bondo, chigongono, mutu wa munthu. Umayamba ndi katoni, kuyeza pathupi la mwini wake atavala kale chijekete chochindikala chimene chimakhala mkati. Ukadula lata umalimenyera m'dzenje la chitsa mpaka lifukuke, kenako umalivundikira pakampira n'kumenya kunja mozungulira kuti m'mbali mufinyike, chifukwa ukangomenyera m'dzenje mokha pakati pamapyapyala, pomwe ndi pamene lupanga limafikira. Ukatero umatenga nyundo yowala n'kufafaniza zipsera chimodzichimodzi, n'kupinda milomo yonse kuti isacheke munthu. Chisoti chimafuna lata la mamilimita awiri, manja locheperapo. Lolemba lililonse ndinkapita kuntchito ndi chidutswa m'chikwama, a Ron n'kuchipapasa ndi dzanja lamanzere. Zigongono zisanu ndi chimodzi zoyamba anaziponya pansi. Manijala wa nthawi imeneyo, mayi wolimba mtima koma wachilungamo, anandiitana mu ofesi. "Mbewe, ino si galaja. Wina akadzichekera, ndiyankha ndine." Ndinamufunsa ngati waona kuti a Ron asiya kuponya makapu. Anaganiza kaye, n'kuti, "M'munda, pa nthawi yako yopuma. M'nyumba muno ayi."

Matchalitchi a m'midzi, 2008 mpaka 2011

A Ron sankakhulupirira mafilimu, ndipo mabuku a ku laibulale ankati amangoonetsa kutsogolo. "Pita kumatchalitchi," anatero. "Akuluakulu a nthawi imeneyo akafa ankawasema pamwala woyera atagona pamanda awo, atavala zonse. Wosemayo anali ndi zovala zenizeni pamaso pake. Ukayang'ane kumbali ya khoma, kumene anthu safikako." Anandilembetsa mayina a midzi, ndipo masiku anga opuma ndinkakwera basi ndi tepi, pensulo, tochi ndi kope. Ananenadi zoona. Kuseri kwa mkono wa munthu wamwala, ndikagwada n'kupanikiza tsaya kukhoma lozizira, ndinkapeza hinjesi, lamba ndi chomangira chake, ngakhale mutu wa riveti, zonse zosemedwa mosamala pamalo poti palibe adzaone. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake zigongono zanga zinkakana kupinda: riveti ndinkaiika kutsogolo kwambiri.

M'mudzi wina chakum'mawa, ndili chogwada choncho, munalowa mayi wachizungu ndi maluwa. Ndinamupatsa moni, iye osayankha, anatuluka. Posakhalitsa panafika wapolisi. Zaka zimenezo akuba ankakanganula mtovu pamadenga a matchalitchi, ndiye mayi uja ataona munthu wakuda ndi tepi anamaliza yekha nkhani yonse. Wapolisi anakhuthula chikwama changa pabenchi, buledi wanga n'kugwera pansi. Anatsegula kope, n'kuona zithunzi za zigongono ndi mawondo masamba onse. Anandipepesa ndi theka la pakamwa, koma anandiperekezabe mpaka pamalo okwerera basi ndipo anadikira kuti ndikwere. Nditawauza a Ron, analira ndi ukali, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Anandiuza kuti ndilembe kalata m'dzina lawo yofotokoza kuti ndine wophunzira wawo, anaisayina ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinkayenda nayo ngati chiphaso, bambo wa zaka zoposa makumi asanu.

Chisoti changa choyamba chathunthu, chokhala ndi mchira wophimba khosi ndi kampata koonera, chinanditengera miyezi isanu ndi inayi. Pamene ndinkachimaliza a Ron anali atasiya kudzuka. Manijala anandiona ndikudutsa nacho m'khonde, anayang'ana kumbali. Ndinachiika pamimba pa a Ron. Anachipapasa kuyambira pamphumi mpaka kumchira, kawiri.

"Kumanzere kwatsika pang'ono," anatero.

"Ndikonza."

"Usakonze. Ndikanachivala."

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chimenecho. Pamaliro tinalipo ochepa, moti onyamula bokosi anali antchito a kampani ya maliro. Anzawo a masewero a nkhondo amene anabwera ndiwo anayamba kundipatsa ntchito, wina mawondo, wina chapachifuwa. Sindinavalepo n'kulowa m'bwalo, ine ndinkakhala kutenti ndi nyundo ndi mariveti, kukonza zimene aphwanya. Khutu langa lamanzere linafa m'zaka zimenezo, ndipo phewa ili limene limandivuta lero ndi la chitsa chija.

Marichi mpaka Meyi, 2020

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera chigawo chino. Kuntchito, ponyamula munthu wosatha kuyenda pamafunika anthu awiri, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi mnzanga wonyamula naye anali Mai Zulu, a ku Chipata, amene ankakhala ku Hyson Green mu Nottingham ndi amuna awo ndi ana atatu. Ankabwera pa tiramu, kasitima ka m'misewu ya m'tauni, kenako sitima ndi basi, osachedwapo. Anali ndi shuga ndi mphumu. Ankaimba posambitsa agogo, ndipo ankandiseka kuti ndimapangira zovala anthu amene anafa kalekale.

Mliri utafika, manijala wakale uja anali atapuma, tili ndi mnyamata wotumizidwa ndi eni kampani, wamantha, wongokhalira pafoni. Anayamba kutilandirira odwala ochokera kuchipatala osayezedwa. Mamasiki a pepala anawatsekera mu ofesi, imodzi pa shifiti, kenako imodzi masiku awiri. Maepuloni atatha tinkaboola majumbo a zinyalala n'kuvala. Pofika sabata yachiwiri ya Epulo khonde lapamwamba lonse linali kutsokomola, ndipo mitembo ya agogo anayi inali itatuluka kale pakhomo lakumbuyo.

M'shedi ndinali ndi masiki ya labala yokhala ndi zosefera ziwiri m'mbali, imene ndinkavala popala chitsulo pa giraindala kuti fumbi lisalowe m'mapapo. Inali yamphamvu kuposa chilichonse chimene tinali nacho kuntchito, ndipo m'masitolo monse zinali zitatha. Ndinali nayo imodzi yokha. Ndinapita nayo kuntchito Lachiwiri lina. Manijala anati iopseza agogo osokonezeka mutu, koma sanandivule. Masana ake tikupinda nsalu kochapira, Mai Zulu anatseka chitseko.

"Ba Mbewe, nifuna kupempha, musanimvele kuipa. Ija masiki yanu. Imwe muli na thupi yolimba. Ine chifuwa changa muchiziba. Nibwelekeni chabe, ngakhale masiku yamene nili pamwamba."

Ndinati ndiganiza. Mayi anu anali atasamutsidwira kuwodi ya odwala mliriwo. Ankabwera kunyumba, kuvulira zovala pakhomo, kusamba, n'kudziponya pampando. Sabata yomweyo namwino mnzawo anali atagonekedwa pa makina opumira. Iwe Pemphero unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinaimika galimoto pambali pa msewu pobwerera, dzuwa likanali, masiki ili pampando, ndipo ndinakhala pamenepo mwina theka la ola. Sindinapemphere. Ndinkangoona nkhope ziwiri. Ine mwini ndinali nditadzichotsamo kale, funso linali la awiriwo. Nditafika ndinaitsuka, n'kuikulunga m'pepala, n'kuiika m'manja mwa mayi anu. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, anati zikomo, n'kuiika m'chikwama cha kuntchito.

Kusankhako mwina Mulungu angakumvetse. Chimene chinatsatira ndicho chimandilemera. M'mawa mwake Mai Zulu anandiyang'ana kumaso, ataona kuti ndavala ya pepala, ndipo ine ndinati, "Pepani mayi, zosefera zija zatha mphamvu. Ndaitaya." Anangoti, "Ah, ni sawasawa, Mulungu alipo," n'kugwira mbali yawo ya nsalu yonyamulira. Tinanyamula limodzi agogo asanu ndi awiri tsiku limenelo, mitu yathu itayandikana ndi pakamwa pa odwala. Loweruka ndinatenga mapatani a chisoti, n'kudula mapulasitiki oonekera otchingira kumaso, okwanira onse a shifiti yathu. Ya Mai Zulu ndinaipinda m'mbali bwinobwino n'kuiika siponji pamphumi. Anaivala akuseka, akuti tsopano nawonso ndi msilikali wakale. Ine ndinkadziwa kuti pulasitiki imatchinga malovu okha, mpweya umadutsa pansi.

Patatha masiku khumi ndi awiri Mai Zulu sanabwere kuntchito. Anandiimbira ali pabedi, mawu akudukaduka, kundiuza kuti agogo a m'chipinda chakumapeto sadya phala ngati mulibe shuga wambiri, ndiuze amene alowe m'malo mwawo. Ambulansi inawatenga Lamlungu. Anamwalira kumayambiriro kwa Meyi, amuna awo osaloledwa kulowa. Maliro tinaonera pafoni, anthu khumi ataima motalikirana pamanda. Ine matendawo anandigwira sabata yomweyo, kutentha thupi masiku anayi, basi.

Mwezi wa Ogasiti mayi anu anabwera ndi jumbo la zinthu za mulokala, kabati yawo ya kuntchito, ndipo pokhuthula patebulo inagwa masiki ija, ikanali m'pepala limene ndinaikulungamo. Ndinawafunsa. Anakhala pansi. "Sakanandilola, bambo a Thoko. Kuwodi munthu amavala zokhazo zimene chipatala chamuyeza nazo. Ndipo ifetu tinali nazo zabwino pofika nthawi imeneyo. Ndinaona mmene munandipatsira, ndinati ndikakubwezerani musowa mtendere." Za pempho la Mai Zulu sankadziwa, chifukwa sindinawauze. Ndinawauza tsiku limenelo. Anaphimba nkhope ndi manja, ndipo tinakhala patebulopo osayang'anana mpaka iwe Thoko unalowa kufunsa ngati kwagwa maliro ena.

Hyson Green, 2021

Madokotala awiri, ndi abusa athu, anandiuza kuti palibe angadziwe ngati masiki ija ikanawapulumutsa, poti akanatha kutengera matendawo mu tiramu kapena musitima. Ndikudziwa zimenezo. Komabe malamulo oyendera atamasuka ndinakwera sitima kupita ku Nottingham. Bambo Zulu ankayendetsa basi, munthu wamtali, wofatsa. Ndinawapeza m'nyumba yawo yapamwamba pa sitolo ya zakudya za kwathu, akusita mayunifolomu a ana. Anandilandira bwino, anati akazi awo ankanditchula kawirikawiri. Anaika madzi a tiyi. Ndinati ndisanamwe ndili ndi mawu, ndipo ndinanena zonse: pempho la kochapira, theka la ola m'galimoto, bodza la zosefera, ndi lokala.

Anazimitsa simbi, n'kuiimika. Anayang'ana pawindo, tiramu ikudutsa pansi.

"Ananiuza kuti inasila mphamvu," anatero. "Anakumvelelani chifundo. Anakamba ati ba Mbewe naonso manje alibe chovala."

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Manje mwabwela kuti nichite nazo chani? Nikambe kuti palibe kanthu?"

"Ayi, bambo. Ndimafuna mudziwe."

"Naziba manje." Anathira tiyi m'makapu awiri. "Sembe ni ine, sembe ninapasa mkazi wanga. Icho sinikuzondelani. Koma sembe munamuuza zoona. Anali munthu mukulu, sembe anasankha yeka, kapena kunkhala panyumba. Munamuchotsela icho."

Ndinamwa tiyi uja yense chifukwa anali atathira. Anandiperekeza mpaka pokwerera tiramu, monga munthu amachitira ndi mlendo, koma sanandipatse dzanja. Pa Khirisimasi ndinawatumizira uthenga, anawerenga, sanayankhe, ndipo sindinawavutitsenso. Ndinagwira ntchito chaka china chimodzi, ndikunyamula ndi anthu osiyanasiyana a ku kampani yotumiza antchito, amene mayina awo sindinawasunge, kenako ndinapuma.

Mukadzawerenga izi musadzanditeteze kwa wina aliyense, ndiponso musadzawafunse mayi anu, anasenza kale gawo lawo. Mutandibwezera m'galimoto muja lero, masiki ndingapatsenso mayi anu. Koma m'mawa mwake ndikanayenera kuima pamaso pa Mai Zulu n'kunena kuti, "Ndapatsa mkazi wanga." Ndi mawu atatu okha, ndipo anandikanika.